Nthenga za pa Dzala la Mlamu Wanga

Loweruka lapitali mlongo wanga wa ku Chawama anandiimbira foni. "Bwerani mailo, mwana wanu watichititsa manyazi." Ndinaganiza za mimba. Ndinaganiza za apolisi. Nditafunsitsa, anatsitsa mawu ngati akutchula matenda obisa: "Taonga analeka kudya nyama."

Tsono Lamulungu ndinakwera minibasi kuchokera kuno ku Matero kukaweruza mlandu, poti ndine malume. Malume ndi khoti lotchipa, malipiro ake ndi nkhuku basi.

Taonga ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amaphunzira pa koleji m'tauni, koma amakhala ndi makolo ake m'nyumba ya zipinda ziwiri. Miyezi iwiri yapitayo analengeza kuti iye tsopano ndi vigani. Kwa inu amene simunamvepo, vigani sadya nyama, sadya nsomba, dzira ayi, mkaka ayi. Azimayi a kutchalitchi anagamula kale kuti mwanayo walowa zausatana. Ena akuti tingodikira, mimba sibisika.

Muyenera kuwadziwa bambo ake, mlamu wanga Ba Zulu. Akhala akunyamula matumba a simenti pa kampani ina kwa zaka zambiri, ndipo ali ndi mwambo umodzi umene sauphonya. Lamulungu loyamba la mwezi pakhomo pawo pamafa nkhuku. Nthenga zake sazikwirira ayi, amaziika pamwamba penipeni pa dzala, chakunjira, kuti aliyense wopita kumpopi aone. Akatha kudya amakaima pageti, kamtengo ka machesi kali m'mano, n'kumapatsa moni ngakhale anthu amene sayankhulana nawo.

Ndinapeza nkhuku yapsa kale. Tinakhala pansi, mlandu n'kuyamba.

"Mufunseni, mulamu," anatero Ba Zulu. "Nkhuku yanga inamulakwira chani?"

"Ba ankolo, si nkhuku ya adadi chabe," anayankha Taonga mwaulemu. "Ni nyama iliyonse. Vinyama navo vimamvera kubaba monga ise."

"Kubaba?" Ba Zulu anadzuka pampando. "Ine nikanyamula simenti kuti udye, sinimvera kubaba?"

Ndinawakhazika pansi, ine n'kufunsa mwanayo kuti nanga amadya chiyani. Anayamba kutchula: kalembula, chibwabwa chotendera, nyemba, impwa, soya, tsiku lina bondwe. Ndinamuyang'ana kukamwa. Mwanayu amatchula ndiwo zonse zimene ine ndadya kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, osaphonya ndi imodzi yomwe.

Abale anga, kani ndine vigani ndipo palibe anandiuza?

Tiyeni tisanamizane. Chiyambireni mitengo ya zinthu kuthamanga kusiya malipiro kumbuyo, komboni yonse ya Kanyama ndi vigani. Komboni ya George nayonso ndi vigani. Ife amene timagula ufa wa kapamela, wongokwana chakudya chimodzi, nyama timaiona pagalasi la butchala podutsa. Ndamva kuti kumayadi anthu amalipira ndalama zambiri kuti adye masamba omwewa m'mbale yoyera, atawazapo nthangala ziwiri. Ife timadya ulere wake, koma titatseka chitseko.

Ndiye Taonga walakwa chiyani? Mlandu wake ndi woti akudya poyera chimene ife timadya mobisa, ndipo akudya akumwetulira. Ife tikadya repu timatuluka tikutokosa m'mano, ngati repu ali ndi mafupa. Ndikudziwa mayi wina kwathu kuno amene amagula khungu la nkhuku lokha, n'kulikazinga pambaula pakhomo penipeni kuti fungo lifike nyumba zitatu. Munthu wa mu komboni angalole kutchedwa mfiti kusiyana n'kutchedwa wosauka. Tsono mwana akabwera n'kunena kuti nyama sakuifuna n'komwe, timapsa mtima, chifukwa akunyoza chinthu chimene ife tikuchifera.

Chigamulo changa chinali chachifupi. Mwana adye zimene akufuna, aziphika m'kapoto kake, ndipo asamalalikire anthu pa nthawi ya chakudya. Ntchafu yake ndinadya ine, kuwonjezera pa nthutumba imene ndi ya mlendo kale. Chilungamo chimalemera, woweruza ayenera kudya.

Nditapita kuseri kukasamba m'manja, ndinapeza mlongo wanga atawerama padzala. Amatola nthenga zija imodziimodzi, kuzikutumula fumbi, n'kumaziika m'pulasitiki. Atandiona anabisa pulasitikiyo m'chitenje. Ndinasamba m'manja n'kubwerera m'nyumba.

Ba Zulu anandiperekeza kusiteshoni. Kamtengo kanali m'mano monga mwa masiku onse, koma moni sanapatse aliyense. Titadutsa msika anaima.

"Mulamu, nchito inasila," anatero. "Papita myezi ibili. Nimachoka kuseni monga niyenda kunchito, nimankhala chabe mu tauni. Taonga saziba. Nkhuku ija mwadya ndiye yosiliza."

Ndinakumbukira ntchafu ija. Ndinamva chisoni, ndinamvanso manyazi. Apo ndi pamene ndinamvetsa ukali wawo: bambo wadzimana kuti mwana wake adye nkhuku yomaliza, mwanayo n'kukankha mbale mwaulemu.

Minibasi inafika, kondakitala akukuwa. Ba Zulu anandigwira dzanja, nayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza.

"Manje ija vigani, munthu angangene bwanji? Kuli kulembesa? Chifukwa bantu bakafunsa, ningakambe chabe ati tonse pa nyumba tinakonkha mwana, tinaleka nyama."

Ndinafuna kuseka, koma kuseka sikunabwere. Ndinawauza kuti kulembetsa kulibe, munthu amangonena yekha basi. Anagwedeza mutu, nachotsa kamtengo kaja m'kamwa, n'kukaika m'thumba la shati.

Ndiye mwezi wamawa mukadutsa ku Chawama n'kuona nthenga zayalidwa bwino pa dzala lina, pitirirani, musafunse kuti nkhukuyo inalira liti. Ingobwererani kwanu mukayang'ane padzala panu. Nthenga zili pamenepozo, ndi za mwezi uno?