Zitenje khumi m'thupi limodzi

Ndinanyamuka ku Bowe m'mamawa, mwezi wa Okutobala, chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate chija, ndalama za mtedza nditamanga pamfundo ya mpango. Chimene chinandinyamutsa ndi pakamwa pa munthu. Mwana wanga Aginesi amakwatiwa ku Nachisaka, ndipo pachinkhoswe azakhali a mwamunayo ananena ine ndikumva kuti, "Kuchikazi adzavala chiyani poti bambo anamwalira? Tidzawabwereka zathu." Ine kubwereka nsalu paukwati wa mwana wanga? Ndinalumbira kuti amayi khumi akwathu adzalowa m'tchalitchi atavala zitenje zofanana, zatsopano. Ku Lilongwe mitengo inali itapenga, koma anthu ankati ku Chipata, ku Zambia, nsalu n'zotchipa.

Pa Madisi ndinalipira makwacha makumi awiri basi ya ku Lilongwe. Aliyense m'basimo anali atasanduka wandale, mpaka kondakitala kuiwala chenji. Kale tinkayenda tikungoyang'ana mawondo athu. Ku Lilongwe ndinagula chinangwa chophika n'kukwera minibasi ya ku Mchinji, m'mene ndinakhala ndi mayi wina wageni wodziwa njira.

Pamalire osintha ndalama anatizinga ngati nkhuku zaona madeya. Mayi uja anandinong'oneza, "Musasinthe zonse, amayi. Siyaniko ya msonkho pobwerera."

"Msonkho wa chiyani? Ine sindikukagulitsa," ndinatero. Ndinangopatula ya basi, zotsalazo n'kusintha. Anandipatsa mtolo wa makwacha a ku Zambia woti sunakwanenso pampango. Ndinalemera tsiku limodzi, mpaka nditamva mtengo wa mandasi.

Ndinagona kwa mlamu wanga ku Chipata, ndipo kutacha ndinasankha nsalu yobiriwira ya maluwa oyera, zitenje khumi. Masana, dzuwa lili paliwombo, ndinali kale pamzere wa kasitomu mbali yathu, mayi wageni uja ali pambuyo panga ndi zikwama zake.

Wa kasitomuyo anali mnyamata waulemu, msinkhu wa Aginesi. Anamasula mtolo wanga n'kupukusa mutu.

"Chimodzi kapena ziwiri n'zanu, amayi. Khumi zofanana ndi malonda. Mulipire msonkho, apo ayi zitsala konkuno."

Mtengo umene anatchula unaposa ya basi ija. Ndinamuuza za ukwati. Iye anati aliyense wodutsa pamenepo ali ndi ukwati. Mtima unandiwawa, ndinaona azakhali aja akutigawira nsalu zawo zakale akumwetulira.

"Nanga zimene munthu wavala m'thupi zimalipira?" ndinafunsa.

"Zimenezo ayi."

Ndinatenga mtolo wanga n'kupita kuseri kwa ofesiyo. Mayi wageni anandithandiza akufa nazo nseko: zina m'chiuno, zina pachifuwa, china kumutu, chomaliza paphewa. Ndinabwerera ndikuyenda ngati nkhokwe, thukuta likutsikira m'miyendo. Mzere wonse unaseka, mnyamata uja nayenso anaseka, kenaka anakumbukira yunifolomu yake.

"Amayi, musatero. Kavuleni."

"Mwananga," ndinatero, mokweza kuti onse amve, "zaka zonse zija ankativeka nsalu ya chipani mokakamiza, n'kutiimika padzuwa kuti tivine. Lero ndavala ndekha nsalu yogula ndi mtedza wanga. Ngati ndi lamulo, ndivuleni inuyo. Yambani ndi chapaphewachi."

Kwathu mwana amene wavula mayi wamkulu pagulu zake sizimuyendera, ndipo iye ankadziwa. Anayang'ana manja ake, n'kuitana mnzake wamkazi. Mtsikanayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Ine amayi anga ali moyo. Sindingathe."

Mnyamata uja anadinda chiphaso changa. "Pitani, amayi, musanakomokere pakhomo pathu."

Sindinamasule ngakhale chimodzi mpaka pa boma la Mchinji, kuopa kuti angasinthe maganizo. Pomasulapo, zam'kati zinali zoti n'kufinya. Ndinafika ku Bowe tsiku lotsatira, m'manja mulibe ndi tambala yomwe, n'kuzichapa zonse pachitsime ndi kuzisita ndi simbi yamakala.

Amene mukupita kunja, mverani mayi wageni uja, siyaniko ya msonkho, chifukwa si aliyense ali ndi imvi zomuolotsa. Mnyamata uja sanalakwe, amagwira ntchito yake. Koma nanenso sindipepesa.

Tsiku la ukwati, kutchalitchi cha ku Madisi, amayi khumi a ku Bowe tinalowa mondondozana, obiriwira okhaokha, Aginesi akulira ndi chimwemwe. Potuluka, azakhali aja anagwira nsonga ya chitenje changa, kuitikita ndi zala, n'kunena mokweza kuti, "Koma izi zikuoneka kuti zinavalidwapo kale."

"Inde, asebele," ndinayankha. "Ndinavala ndine. Zonse khumi, tsiku limodzi."