Mpira wodutsa pamwamba pa golo

Ine mpira ndimaudziwa. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ku Capital Hill, Lolemba m'mawa m'basi ya antchito panalibe wonditsutsa pa nkhani ya zigoli. Choncho mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku Ireland, atayamba kunditumizira mavidiyo a mwana wake akusewera masewera akumeneko otchedwa hurling, ndinangoti uwu ndi mpira womwewu, angouwonjezera ndodo.

Osewera amavala zipewa zolimba, ndipo aliyense amakhala ndi ndodo yotakata kumapeto ngati mthiko. Kampira kake n'kokwana m'dzanja. Golo ali ngati wathu yemweyu, kungoti mitengo yake iwiri imapitirira mpaka m'mwamba. Mdzukulu wanga, mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi, ankathamanga kampira kali pandodo osagwa, n'kukamenya mwamphamvu. Koma nthawi zonse kankadutsa pamwamba pa mtengo wopingasa, ine mtima n'kumandiwawa.

Tsiku lina tikuonera pakhonde kwathu ku Area 14, mayi a kunyumba anandifunsa, "Nanga ngati waphonya, anthuwo akuwomberanji m'manja? Onani abambo a jekete loyerawo akukupiza mbendera."

"Azungu amawombera m'manja chilichonse," ndinayankha. "Akungomunyengerera mwanayo."

Mnyamatayu Chichewa amamva koma kuyankha kumamuvuta, ndiye pa foni tinkangothera pa moni. Masewerawa anandipatsa chokamba naye. Ndinayamba kumutumizira mauthenga a mawu pa foni yake. "Iwe, mbalame zakulakwira chiyani? Tsitsa mpira! Mwamuna amagwedeza ukonde." Iye ankayankha kuti, "Chabwino agogo." Ndinkayenda modzimva, kochi wa kutali, mpaka kuuza anzanga kutchalitchi kuti mwanayo ndikumuwongola.

Loweruka lina ndili ku Area 1 kusaka mpopi wa m'bafa, mayi ake anatumiza vidiyo ya masewera omaliza a mpikisano wa msinkhu wawo. Ndinabisala dzuwa pakhonde la sitolo n'kuonera. Nthawi inali itatsala pang'ono kutha, mdzukulu wanga ali yekha ndi mpira patsogolo pa golo, kochi wawo akukuwa n'kumaloza m'mwamba. Mwanayo anazengereza pang'ono, kenako anamenya chapansi. Goloboyi anatchinga ndi ndodo, wezulo n'kulira. Anzake onse anagwira kumutu.

Ndinaimba foni pomwepo. "Bola lero walunjika pagolo," ndinatero.

Mwana wanga anandifunsa kuti, "Adadi, kodi mukudziwa mmene amawerengera masewera amenewa?"

Anandifotokozera mofatsa ngati akulankhula ndi wodwala. Mpira ukalowa mu ukonde ndi mapointi atatu, ndipo amakweza mbendera yobiriwira. Ukadutsa pamwamba, pakati pa mitengo iwiri ija, ndi pointi imodzi, mbendera yoyera. Timu yawo inali m'mbuyo ndi pointi imodzi yokha. Akanangoukweza monga amachitira masiku onse, akanafanana n'kuwonjezeredwa nthawi. Mipira yonse imene ine ndinkaidandaula ija inali mapointi, ndipo timu inkadalira iyeyo pa ntchito imeneyo.

Safunsa anadya phula, koma apa phula ndinadyetsa mwana. Ndinaima pakati pa chipwirikiti cha Area 1, anthu akundigunda mapewa, ndikumva manyazi ndi chisoni zimene sindinamvepo. Kufunsa kamodzi kokha kukanakwana. Mayi a kunyumba anafunsa, ine n'kuwatseka pakamwa. Ndipo mwanayo malamulo ankawadziwa bwino, koma mwana woleredwa bwino satsutsa agogo ake.

"Wandikwiyira?" ndinafunsa.

"Ayi, adadi. Ali m'galimoto momwe muno, koma akukana kutenga foni, akuti akuchita nanu manyazi. Wandituma kuti ndikupepesereni. Akuti anatsitsa monga munamuuzira, koma walephera kukugoletserani."