Zala za Nha Mena

Sikisi koloko m'mawa inali isanakwane, koma masitepe a kuseri kwa nyumba yathu anali atanyowa kale. Nditatsegula chitseko cha kukhitchini ndinalandiridwa ndi fungo la jiki. Nha Mena anali atagwada, ndowa ili pambali, akukwecha thabwa limodzilimodzi ndi burashi, kutsika chambuyo monga amachitira Lolemba lililonse.

"Musaponde apo, a Lurdes, pakuterera," anatero osadzutsa mutu. "Mungathyoke mwendo, anthu n'kumati nkhalamba ya pamwamba yalodza mnzake."

Dzina lawo ndi Filomena Barbosa, koma kuno ku Brockton, ku Amereka, aliyense wa kwathu ku Cabo Verde amawaitana Nha Mena. Nyumba yathu ndi yosanja katatu. Ine ndimakhala pansi, pakati pali banja la ku Haiti, ndipo iwo ali pamwamba ndi mwana wawo Adilson, mpongozi wawo Zuleika ndi adzukulu atatu. Masitepewo timakwerapo tonse, koma sindinaonepo wina atagwadapo.

Anakulira pa chilumba cha Fogo, kulima nyemba ndi mphesa m'dothi lakuda la m'mbali mwa phiri. Adilson anawaitanitsa mwana wake wachiwiri atabadwa. Amuna awo, Nhô Tói, anakana kubwera, amvekere mbuzi zawo sizidziwa Chingerezi. Adilson ndi mnyamata wabwino, amayendetsa basi ya mumzinda, ndipo pa chikondwerero chilichonse cha kutchalitchi amakoleka dzanja paphewa la mayi ake n'kunena mokweza kuti, "Awa ndi bwana tsopano! Analima kokwanira, kuno anabwera kudzapuma." Anthu amaseka, nawonso amaseka, manja atawabisa pansi pa epuloni.

Kupuma kwakeko ine ndimakumva kudzera m'mapaipi. Madzi amayamba kutsika m'khoma langa kusanache, ndipo amasiya onse akagona: mbale, mapoto a chakudya chathu cha chimanga ndi nyemba chotchedwa kachupa, bafa, yunifolomu ya Zuleika, malaya a ana amene amawachapa pamanja chifukwa amati makina sachotsa litsiro la m'khosi. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ndimasambitsa anthu, ndimachapa, ndimakolopa, zofanana ndi zawozo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine amandipatsa magolovesi ndi tsiku lopuma.

M'nyengo ya chisanu kunabwera foni yoti Nhô Tói agwidwa ndi sitiroko, mbali imodzi yafa. Panalibe wowatembenuza pabedi kupatula mlongo wawo, nayenso wokalamba. Nha Mena anati apita, ndipo sabwera mpaka mwamuna wawo atayenda kapena atawaika m'manda. Koma munthu wa chitupa chokhalira m'dziko muno akakhalitsa kunja, pobwera amatha kupeza chitseko chatsekedwa. Pamafunika chilolezo chobwerera, ndipo chilolezocho sichituluka ngati sanakujambule nkhope ndi kutenga zidindo za zala zako usanakwere ndege. Akanangopita osadinda, adzukulu akanadzawaonera pa foni basi.

Tsiku loyamba limene ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko inawapatsa linagwera masana, nthawi yokatenga ana kusukulu. Adilson anali pa basi, Zuleika kuchipatala kumene amagwira ntchito.

"Nanga ana atengedwa ndi ndani?" anafunsa Adilson. Sanafunse mwankhanza. Anangoimba foni, n'kudikira pa mzere mpaka khofi wake kuzizira, n'kusinthitsa tsikulo. Latsopano linabwera mochedwa, pafupi ndi ulendo, tikiti itagulidwa kale.

Ndine ndinawaperekeza, chifukwa linali tsiku langa lopuma. Anavala diresi la kutchalitchi ndi ndolo zagolide za pa ukwati wawo. M'chipinda chodikirira munali anthu a mitundu yonse, aliyense atafumbata nambala yake. Pafupi nafe panakhala bambo wina wa kwathu, wa chipewa chachikopa, amene anayamba kucheza nafe asanatidziwe n'komwe.

Atatiitana, mtsikana wa pamakina anawagwira dzanja mwaulemu n'kuika chala pa galasi lowala. Pa kompyuta panatuluka banga lotuwa, ngati pamene padutsa nsanza yonyowa. Anapukuta galasi, anawawaza timadzi pa chala, n'kuyesanso. Banga lomwe lija. Anayesa chala china, kenako dzanja linalo. Anaitana mnzake wamkulu, amene anatembenuza manja a Nha Mena n'kuwayang'anitsitsa pansi pa nyali. Nanenso ndinawayang'ana, koyamba m'zaka zonsezi. Nsonga za zala zinali zosalala, zonyezimira ngati mkati mwa mbale yakale, ndi timing'alu m'mbali mwa zikhadabo.

"Afunseni kuti amagwira ntchito yanji," anatero wamkuluyo, ine ndiye womasulira.

Ndinawafunsa. Nha Mena anayang'ana pansi.

"Auzeni kuti sindigwira ntchito. Ndimangokhala pakhomo pa mwana wanga."

Ndinamasulira mmene ananenera. Wamkuluyo anangoti "Ehee," ngati munthu amene wamva yankho limenelo kambirimbiri.

Bambo wa chipewa uja, amene anali pa makina oyandikana nawo, sanaugwire mtima. "Amayi, ululani, munaba banki iti? Ofufuta zala ndi akuba okhaokha!" Anaseka yekha, ena osamva chinenero chathu n'kutembenuka kuti aone. Nha Mena anachotsa manja patebulo n'kuwalowetsa m'khwapa.

Anatiuza kuti zimene makina atola n'zosakwanira, tibwerenso Lachinayi la sabata yotsatira, m'mawa. Ndege inali ya Loweruka lake. Anati mizere ya pa zala imatha kubwererako pang'ono khungu likapuma: azidzola mafuta ambiri, asakhudze jiki, sopo wa mbale ngakhale madzi otentha mpaka tsikulo.

M'galimoto, titadutsa mphambano ya pa tchalitchi, Nha Mena anayamba kulankhula.

"Mayi anga anamwalira osadziwa kulemba dzina," anatero. "Koma akapita kwa boma ankadinda chala, chala n'kuoneka. Ine ndabwera ku Amereka kudzakhala wopanda ndi chala chomwe."

"Si mlandu wanu, Nha Mena. Muwauze a Adilson, ntchito ya madzi agwire okha masiku amenewa."

"Ndimuuze kuti chiyani? Kuti boma laona manja a mayi ako? Mwana amene amauza tchalitchi chonse kuti ndikupuma? Ayenda bwanji pamsewu? Nanga Zuleika, wobwera miyendo itatupa uja, ndimuuze kuti mbale zako zandidya zala?"

"Ndiye ndikupatsani magolovesi a kuntchito kwanga."

"Mwana wakhanda ndimusambitse ndi mphira ngati ndikugwira nsomba? Ndipo Zuleika ali ndi maso. Afunsa."

Madzulo ake ndinamva Adilson akukwera masitepe aja, akufuula asanafike n'komwe pamwamba. "Bwana! Zayenda? Akujambulani bwino, kapena munatsinzina ngati pa chithunzi cha ubatizo?"

"Zayenda, mwanawe," anayankha. "Samba m'manja udye."

Posakhalitsa madzi anayamba kutsika m'khoma langa. Ndinakhala pampando n'kumawamvetsera, tiyi wanga osamumwa.

M'mawa mwake mapaipi anali zii. Adilson anatuluka, Zuleika anatuluka ndi ana awiri a sukulu, galimoto n'kulira. Kenako ndinamva kugogoda pa chitseko changa, osati ndi chala koma ndi chigongono. Nha Mena anali ataima pakhomo, mwana wakhanda ali kumsana, manja onse awiri atavekedwa masokosi a mdzukulu wawo, a mizeremizere, onona vaselini. Nkhope anailozetsa ku ndowa yawo imene inali pakona.

"A Lurdes, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu? Lowani."

"Ayi, ndingakudetsereni. Chiyambire kubwera kuno sindinapemphepo munthu kanthu, ngakhale mchere. Mukudziwa inu."

"Ndikudziwa."

"Mukulowa ntchito masana sabata ino, eti? Kumwambaku kuli mbale za dzulo usiku zimene ndinazibisa mu uvuni, ndi poto amene ndinalephera kumumaliza. Bafa nalo likudikira, ndiponso uyu sanasambe. Kuphika ndiphika ndekha, kusesa ndisesa, zouma zonse ndi zanga. Koma za madzizi." Anakweza masokosi aja pang'ono, n'kuwatsitsanso msanga. "Mungamakwereko onse akachoka, mpaka Lachinayi? Muzidzera masitepe a kuseri, a pakatiwa asakuoneni. Ndipo mbale muziziika chozondotsa kumanzere kwa sinki, mmene ndimaikira ine, kuti Zuleika asadziwe kuti mwadutsa manja ena."