Chingwe Paphewa la Ababa

Ababa anga anali owotcherera zitsulo ku Manja. Mtima wawo utayamba kugunda mochedwa, madokotala anawaika kachipangizo pansi pa khungu, pachifuwa chakumanzere, koti kaziuyendetsa. Ine mwana wawo woyamba ndi amene ndinawaperekeza, ndiye malangizo ndinawamva ndi makutu angawa: makina owotcherera, ayi! Adokotala anati magetsi ambiri akamayenda m'chingwe amapanga mphamvu ya maginito mozungulira chingwecho, ndipo mphamvuyo ikhoza kusokoneza kachipangizoko, mtima n'kuima.

Ababa anangoti, "Chabwino." Koma makani awo ndimawadziwa, ndinatengera komweko.

Loweruka lina masana ndikuchokera ku Limbe, ndinamva kuthetheka kwa moto kuseri kwa nyumba. Ndinawapeza atawerama pa geti la kutchalitchi lomwe ankawotcherera, atavala jombo zamphira ndi magolovesi.

"Ababa! Mukufuna kutisiya?"

"Iwe, taona mmene ndavalira. Magetsi andilowera pati?"

Abale inu, iwo ankaganiza kuti adokotala ankaopa zoti angagwidwe ndi magetsi. Sankadziwa kuti maginito satchingidwa ndi mphira. Chingwe chonenepa cha makinawo anali atachikoleka paphewa lakumanzere, monga amachitira owotcherera kuti chisalemetse dzanja, ndipo chinkadutsa ndendende pachipsera cha opaleshoni. Pansi pomwe chingwecho chinagona, tizidutswa tachitsulo tinkanjenjemera n'kumachimamatira nthawi iliyonse akayatsa moto. Ndinaganiza, ngati chikukoka tizitsulo ta pansi, nanga m'chifuwamo chikuchita chiyani? Ndinathamangira kuswichi ya makinawo.

Ndisanafike paswichi, chogwirira chowotcherera chinagwa m'manja mwawo. Anagwada, kenako anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, maso ali tong'o. Ndinazimitsa makina, ndinakankha chingwecho, ndinagwira dzanja lawo n'kumafufuza kugunda kwa mtima. Mayo ine, poyamba sindinamve kanthu. Kenako kunabwera, kofooka, n'kumalimba pang'onopang'ono.

Atapeza mpweya anati, "Usawauze amayi ako."

Ndinawauza tsiku lomwelo. Ababa tinabwerera nawo kuchipatala, ndipo makinawo tinakawatsekera kwa amalume ku Soche. Ababa sanandiyankhule milungu itatu, moni wanga ankangomuyang'ana. Zinandiwawa, sindinama. Komabe m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkaima pakhomo la chipinda chawo, osachoka mpaka nditawamva akutsokomola.