Chaka Chimene a Fosholo Analeka Kutipula

Mumsewu wathu muli nyumba khumi ndi zinayi, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kuli kadimba. Kwa zaka zambiri mabedi a m'timadimba timeneti ankafanana ngati ana a mayi mmodzi: m'mbali mowongoka, pamwamba posalala, pakati kanjira kokwana wilibala. Amene ankawatipula anali munthu mmodzi, bambo amene tonse timawatchula kuti a Fosholo.

Dzinali anabwera nalo kuchokera kuntchito. Anatha zaka makumi atatu akukumba ngalande zoyalamo mipope ya madzi, ndipo atapuma anatenga fosholo yawo yakale, yakutha kukamwa ngati supuni. Iwo ndi akazi awo, mayi a Mapasa, amakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya a Telala. Pabwalo pawo ndi pa simenti pokhapokha. Munthu amene anatipula madimba a msewu wonse analibe pobzala ngakhale tsabola mmodzi.

Tili ndi kalabu ya olima pakhomo, ndipo mlembi wake ndine. Chaka chilichonse, kuzizira kukatha mitengo n'kuyamba kuphukira, timasankha Loweruka limodzi lomwe timalitcha Tsiku la Madimba. Timasonkhana mu holo ya sukulu, kusinthana mbande ndi mbewu, kenako kuzungulira madimba kuona amene wakonza bwino mabedi. Wopambana amalandira satifiketi.

Chaka china a Fosholo anandipeza ndikulimbana ndi dothi kuseri kwa nyumba yanga.

"Aphunzitsi, mukulima kapena mukulikanda kumsana dothilo?" anafunsa ali pampanda.

Anapita kukatenga fosholo ija. Asanayambe anatapa dothi n'kulifinya m'manja. Anati likamata ngati phula mulisiye, likafumbutuka ngati ufa mwachedwa, koma likagwirana kenako n'kusweka mukaligunda ndi chala, ndiye nthawi yake. Anakumba mozama kawiri kutalika kwa chitsulo cha fosholo, manyowa pansi, dothi lofewa pamwamba. Chaka chimenecho satifiketi inabwera kwanga. Ndinailandira, ndipo nditafunsidwa ndinanena zoona za amene anagwira ntchitoyo. Chaka chotsatira anatipula madimba anayi. Posakhalitsa anali onse.

Sankadziwa kukana. Anthu ankawapatsa kabichi, tomato, ndi mawu okoma ochuluka. "Manja odala amenewo!" "Popanda inu tikanadya chiyani?" Iwo ankangoyang'ana pansi, n'kufunsa kuti mawa afike nthawi yanji. Kuyamika ndi chingwe chofewa. Mbuzi siidziwa kuti yamangidwa.

Chaka chatha, akukweza wilibala ya manyowa pamasitepe a mayi Wapampando, amene amatsogolera kalabu yathu, msana unawagwira. Anakhala pansi pomwepo. Dokotala atawaunika sanabise mawu: mafupa a m'munsi mwa msana aperesana, ndipo akapitiriza kukumba adzabwerera kuchipatalako pa njinga ya olumala.

Kuzizira kwa chaka chino kutayamba kuchepa, mayi a Mapasa anafika kwanga atanyamula fosholo ija paphewa.

"Aphunzitsi, munayambitsa ndinu. Sungani chinthuchi. Akabwera kudzachifuna, muwauze kuti chinapita ndi akuba."

"Mayi, bodza sindilitha."

"Ndiye mukhale chete. Zimenezo ndiye mumazitha."

Ndinaiimika kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.

Mbande zinali zitakula kale m'mathireyi pamawindo a anthu, ndipo anthuwo anayamba kugogoda kuseri kwa shopu. Aliyense ankayamba ndi kufunsa za msana, n'kumaliza ndi kabedi kamodzi kokha. Mayi a Mapasa ankawabweza pakhomo. Koma a Telala, eni nyumba, anadikira kuti mayiwo apite kumsika.

"Alamu, ine si wa msewu wonse ayi, ndine wa pakhomo pompano. Kabedi kanga ndi kakang'ono ngati thumba la malaya."

A Fosholo anabwereka khasu la a Telala omwewo. Anatipula theka la bedi. Theka linalo silinatheke.

Ndinakawaona tsiku lachitatu. Anali atagona chagada pansi, pa bulangete lopinda, chifukwa matiresi ankawapweteka. M'chipindamo munkanunkha mankhwala opaka. Nsapato zawo za jombo zinali pansi pa tebulo, dothi litaumira kumphepete, ndipo kuseri kwa khoma makina a a Telala ankalira osapuma.

"Ndatopa, aphunzitsi," anatero akuyang'ana kudenga. "Si msana wokha. Ndikamva munthu akuti odi, mtima umagwa."

"Bwanji osawauza?"

"Ndiwauze kangati? Makomo khumi ndi anayi. Ukakana woyamba, wachiwiri amabwera ndi nkhope ina. Pofika wachisanu wavomera kale."

Mlungu womwewo komiti inakumana m'chipinda chochezera cha mayi Wapampando. Onse anagwirizana kuti a Fosholo ayenera kuthokozedwa pa Tsiku la Madimba. Wina anati, poti fosholo yawo yakale sikuonekanso, mphatso yabwino ndi fosholo yatsopano. Ndinafunsa ngati mpando wotsamira sungakhale bwino. Anaseka, ndipo mmodzi wa iwo anati:

"Aphunzitsi mukufuna kuwakalambitsa bamboyo! Munthu wa ntchito umamupatsa chida. Akachiona achira msanga."

Ndinalemba zimene anagwirizana. Ndinayenera kulimbikira, koma sindinatero.

Loweruka lija linafika kuli dzuwa lofunda ndi kamphepo. Mu holo tinayala matebulo a ana asukulu m'mizere iwiri. Panali mathireyi a mbande za tomato zotalika ndi zoonda chifukwa chochedwa kuwokedwa, anyezi m'zitini, mbewu za nyemba m'maenvulopu olembedwa ndi pensulo. Anthu ankasinthana mosakondwa kwenikweni, pakuti aliyense ankadziwa kuti kunyumba kulibe pobzala. Mwa madimba khumi ndi anayi, otipulidwa anali awiri ndi theka.

A Fosholo analowa akutsimphina ndi ndodo, akazi awo ali pambali. Mayi Wapampando anaimirira n'kulankhula nthawi yaitali za manja odala. Kenako anatulutsa fosholo yonyezimira, ya mpini wofiira, yomangidwa riboni.

"Bambo athu, landirani. Sitikukuthamangitsani ayi. Mukangopeza bwino, madimba anu akukudikirani."

Anthu anawomba m'manja. Mayi a Mapasa sanawombe, anandiyang'ana ine. A Fosholo anapereka ndodo kwa akazi awo, analandira fosholoyo, n'kuiyeza kulemera kwake ndi manja awiri. Anayendetsa chala kukamwa kwake.

"Ndi yabwino," anatero. "Tiyeni kudimba kwanu, mayi."

"Bambo a Mapasa!" anatero akazi awo.

Iwo sanacheuke. Anatuluka akutsamira fosholo ija ngati ndodo, gulu lonse pambuyo, ena akuseka kuti mankhwala agwira ntchito. Ine ndinkayenda kumapeto, ndikuganiza za njinga ija ananena dokotala.

Dimba la mayi Wapampando linali lodzaza udzu ndi mapesi a chaka chatha. A Fosholo anapempha ndowa. Ataipatsidwa anaivundikira n'kukhalapo pang'onopang'ono, akukukuta mano.

"Alamu," anaitana a Telala, "tanditapirani dothi. Ine pansi sindifikapo."

A Telala anawatapira. Iwo analifinya, analigunda ndi chala, ndipo linasweka.

"Lakonzeka. Mayi, bwerani. Gwirani apa ndi apa. Phazi lamanja pamwamba pa chitsulopo."

Mayi Wapampando anaseka, akuyang'ana nsapato zawo zoyera. "Bambo inu nthabwala simudzasiya."

"Si nthabwala, mayi. Ine ndaleka. Ndikunena pano nonse mulipo, kuti ndisamabwereze khomo ndi khomo. Sindidzakumbanso, kaya bedi, kaya thumba la malaya. Pakamwa ndiye ndikadali napo. Amene akufuna kudziwa, agwire fosholo ine ndili pa ndowa."

Wina anatsokomola. Mayi Wapampando anaima fosholo ili m'manja, riboni ikulendewera, mpaka mayi a Mapasa anasendera n'kuimasula.

"Pondani, mayi," anatero. "Sichiluma."

Anaponda. Fosholo inalowa pang'ono n'kupendekeka.

"Mukulipepesa dothilo?" anatero a Fosholo. "Ikanipo thupi lonse. Mulungu anakupatsani lokwanira."

Anthu anaseka, ndipo mayi Wapampando, nkhope itakwinyika, anapondanso. Ulendo uno inalowa. Atatopa anapatsira a Telala, amene anadandaula kuti manja osokera safuna matuza. A Fosholo anawayankha kuti singano nayo imabaya. Tinasinthana choncho mpaka dzuwa linapendeka, ndipo bedi limodzi linatha. Satifiketi sinaperekedwe. Panalibe amene anaikumbuka.

Si onse anakondwa. Mabanja atatu sanabzale chaka chino, ndipo mayi wina wa kumapeto kwa msewu anasiya kupatsa moni a Fosholo. Ena tonse tinatipula tokha, fosholo yofiira ikuyenda nyumba ndi nyumba. Yakale ija ikadali kuseri kwa chitseko changa. Mwini wake sanaifunse.

Dzulo anadutsa pampanda wanga ndi ndodo yawo. Anaima n'kuyang'ana bedi langa, lokhota ngati mchira wa galu. Ndinadikira kuti alowe adzaliwongole.

"Aphunzitsi, mzere umenewu munaulemba ndi choko chonyowa?"

"Ndiukonze?"

Anauyang'ananso kanthawi.

"Usiyeni. Anyezi sadziwa mzere," anatero, n'kupitirira kunyumba kukagona.