Moto Wochokera M'ndowe za Ng'ombe

Tsiku limene mwana wake anakomoka, mayiyu anali akupemerera makala pambaula. Anangomva kuti khu! kumbuyo kwake, potembenuka n'kupeza mwana ali pansi, akupuma ngati wina wamukanyanga pakhosi. Inu amene mukuona ngati zanu zathera pomwepo, tamvani za mayi ameneyu.

Mwamuna wake anamwalira n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi ndi kanyumba kamalata kuseri kwa msika. Momwemo ankaphikamo chakudya chogulitsa, momwemonso ankagonamo. Utsi wa nkhuni ndi makala unadetsa makoma, unalowerera m'zovala, mpaka anthu anamupatsa dzina loti Mayi Utsi. Iye ankangovomera, nanga akanatani?

Kuchipatala adokotala sanapite m'mbali. "Mwanayu ali ndi mphumu. Akapitiriza kupuma utsi umenewu, tsiku lina simudzafika naye kuno."

Alamu ake, achemwali a malemu aja, atamva anabwera nkhope ili gwa. "Mlamu, musatiphere mwana. Sukulu akangotsekera ndidzamutenga, azikakhala kwathu."

Kusiya kuphika kunali kugona ndi njala, kupitiriza kunali kulandidwa mwana. Mayi Utsi analira, kulira kwenikweni kosabisa.

Pa anthu odzadya pamalopo panali mkulu wina wokonza mipopi, wolongolola ngati wailesi. Iyeyu ndiye anati, "Mayi, mukudziwa kuti ndowe za ng'ombe zimatulutsa moto wopanda utsi?"

"Bambo, mwayamba kumwa m'mawa uno?"

Mkuluyo sanakhumudwe. Anafotokoza zimene anaona pafamu ina komwe ankaika mapayipi: ndowe amazisakaniza ndi madzi, n'kuzitsekera mumgolo, ndipo zikamawola zimatulutsa gasi wophikira. Mawa lake anabwera ndi migolo iwiri yakale, wina wolowa mkati mwa unzake chozondoka, ndi payipi yofika kukhitchini.

Mayi Utsi anayamba kulawirira kophera ng'ombe, chidebe cha ndowe pamutu. Amumsika ankagwira mphuno akamadutsa. "Lero ndiwo zake n'zimenezo?" Iye ankangoluma mano.

Anadikira, n'kudikira. Machesi anatha mabokosi, moto osaoneka. Anakhuthula mgolo, kuyambiranso, koma ayi ndithu, zii. Wokonza mipopi uja, ndi kulongolola kwake konse, anayamba kudya chamumtima. Uku mwana akutsokomolabe, uku masiku otsekera sukulu akuyandikira.

M'mawa wina mkuluyo anafika molawirira ndipo anapeza Mayi Utsi akukwecha chidebe chija ndi sopo ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi. Atamaliza, madzi a thovuwo anawathira mumgolo, poti madzi ogula satayidwa.

"Mayi! Mumatere masiku onse?"

"Nanga mumafuna ndiziphikira anthu pamalo ponunkha?"

Mkuluyo anagwira kumutu. "Mumgolomo muli tizilombo tamoyo, tosaoneka ndi maso. Ndi timeneto timapanga gasi. Inu mwakhala mukutipha ndi sopo, ine osakuuzani!"

Taonani zinthu zake! Ena amagwa ndi ulesi, ena ndi mowa, koma mayi uyu ankagwetsedwa ndi ukhondo. Anaseka awiriwo mpaka misozi, kenako anakhuthulanso mgolo n'kuyamba kachitatu.

Ulendo uno sopo anakhala kutali. Ndipo tsiku lina masana, mgolo wozondoka uja unayamba kukwera wokha, pang'onopang'ono, popanda dzanja la munthu, gasi akuukankha. Mayi Utsi anatsegula payipi n'kukhwatcha machesi.

Moto unayaka. Unali wobiriwira ngati kumwamba kopanda mitambo, wodekha, wopanda phulusa, wopanda utsi ngakhale pang'ono. Mayiyu anagwada osadziwa kuti wagwada. Chinthu chimene aliyense amachilumpha panjira, lero chikuwiritsa madzi! Ogwira mphuno aja anadzaza pakhomo, onse kukamwa yasa. Ndikukuuzani, ngakhale ine ndikaganiza zimenezi ndimazizwabe.

Pambuyo pake mayiyu anadzamva kuti wachita zoposa zimene ankafuna. Ndowe zikamawolera pamtetete, mpweya wake umakwera n'kumatenthetsa dziko, koma ukayatsidwa pansi pa poto mphamvu yoipayo imachepa, mitengo nayo imapuma ku nkhwangwa. Lero ophika anzake ambiri mumsikamo ali ndi migolo yawo, ndipo mphunzitsi wawo ndi iyeyo.

Koma tsiku limene iye saliiwala ndi lomwe alamu anabwera ndi chikwama chodzatengera zovala za mwana. Anapeza makoma opakidwa laimu, mwana ali pafupi ndi moto akuimba nyimbo ya kusukulu, mawu ali see, osatsokomola. Alamu anawerama, kusuzumira pansi pa poto, kusuzumiranso kuseri kwa chitseko.

"Nanga nkhuni zake zili kuti, mlamu?"

"Zikudya msipu kubusa, alamu."

Alamuwo anayang'ana lawi lija. Kenako anapinda chikwama chawo, n'kunena motsitsa, "Mwana akhale ndi mayi ake."

Inu amene mwayesa kawiri zinthu n'kukanika, musathamangire kunena kuti si zanu. Fufuzani pomwe pakulakwika, mwina ndi kanthu kakang'ono kamene mukuchita ndi mtima wabwino. Konzani pamenepo, musenzenso chidebe chanu. Mtima wokhawo musautaye.