Makoswe Ofa Okha Kunyumba kwa Adumbu Anga

Lachiwiri lapitali ndinachititsa manyazi banja lathu lonse, ndipo amene akudikira kuti ndikapepese angoleka, asadzitopetse.

Zinayenda motere. Ndinalawira m'mawa kukaona adumbu anga a Wongani, achimwene obadwa nawo bere limodzi, amene amakhala kuseri kwa msika kuno ku boma la Mzimba. Ndinali nditamva kuti akudwala. Pakhomo ndinapeza mlamu wanga NyaShaba akusesa uku akuimba. Pa mulu wa zinyalala panali makoswe atatu, miyendo m'mwamba.

"Alamu, mwaona?" anatero akuseka. "Mulungu watimenyera nkhondo. Akungofa okha, mbwenu. Dzulo awiri, lero atatu. Mankhwala sitinaike n'komwe."

Ndinafunsa kumene anawapeza. Pansi pa bedi, kuseri kwa matumba a chimanga. Nanga anawatulutsa bwanji? Ndi manja, pogwira kumchira, wina akadali wofunda.

Nditalowa m'nyumba ndinapeza adumbu atafunda mabulangete awiri, panja kutatentha kale, iwo mano ali gwegwegwe. Mutu akuti ukung'ambika. Mwanabele sindinamuone, mlongo saona zotero, koma NyaShaba anandinong'oneza kuti watuluka m'mphechepeche, wamkulu ngati dzira, ndipo akhala akumuthowa ndi madzi otentha kuyambira dzana.



Ine sindine dokotala, ndine wosoka zovala chabe. Koma nditangokwatiwa kumene tinakhalako zaka zingapo kuchigwa cha kumwera, kumene mliri wa makoswe unabukapo, ndipo anthu a kumeneko anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene sindidzaiwala: khoswe akafa yekha, usasangalale. Matendawo amayamba apha makoswe. Khoswe akazizira, nthata zimene zimamuyamwa zimatsika kukafuna thupi lina lofunda. Ndipo m'chipinda chogona thupi lofunda ndi la yani? Zikakuluma, pakapita masiku owerengeka thupi limatentha mwadzidzidzi, mutu kupweteka, kenako mwanabele m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi. Mankhwala ake alipo, munthu akafulumira amachira. Akachedwa amapita msanga, ndipo matendawo akalowa m'mapapo amafala ndi chifuwa kwa aliyense wokhala pafupi.

Ndiye taganizani: makoswe ofa okha pansi pa bedi, pamwamba pa bedi munthu akunjenjemera ndi mwanabele. Inu mukanatani?

Ndinati adumbu apite kuchipatala pompano, ndipo a zaumoyo auzidwe za makoswewo.

NyaShaba anagwetsa tsache. "Yayi alamu, ndapota! Kuchipatala apite, koma za makoswe zisatuluke m'nyumba muno. Ine ndimagulitsa mandasi. Anthu akamva, adzagula ndani?"

Adumbu nawo anatulutsa mutu m'bulangete. "Iwe NyaMoyo, ndi malungo awa. Kwanu mulibe makoswe? Khala pansi."

Sindinakhale. Ndinaitana kabaza, ine ndi NyaShaba tinawakweza odwalawo akung'ung'udza, ndipo titafika kuchipatala ndinanena zonse, kuyambira makoswe a dzulo mpaka wofunda uja. Masana a zaumoyo awiri anafika kunyumba kuja pa njinga yamoto, atavala zophimba pakamwa ndi m'manja. Anathira mankhwala ophera nthata m'zipinda, anatola makoswe aja ndi fosholo, matumba onse anatulutsidwa pabwalo. Mudzi wonse unali pa mpanda, makosi atasomphoka.

Tsono mverani mmene zinathera, chifukwa sindibisa. Lachisanu adokotala anati si mliri ayi. Adumbu anali ndi bala pachala chaphazi limene analinyozera, linalowa mafinya, n'kutulutsa mwanabele ndi kutentha thupi. Anawapatsa mankhwala, akupeza bwino. Makoswe aja nawo zinadziwika kuti mwini golosale woyandikana nawo anaika poizoni m'sitolo mwake osauza munthu, ndiye ankangodzafera kwa eni chimanga.

Ee, ndinalakwitsa matenda. Sekani, ndakupatsani mpata.

Azakhali athu anaimba foni kuchokera ku Manyamula tsiku lomwelo. "Wakhuta tsopano? Wavula mlamu wako pagulu chifukwa cha chala! Za m'nyumba timathana nazo m'nyumba." Ndinawayankha mwaulemu kuti yewo azakhali, ndamva. Koma mumtima ndinati nthata sizidziwa malire a nyumba. Sizifunsa kuti kuno ndi kwa a Moyo, uko ndi kwa a Jere.

Nanga ndikanadziwa bwanji kuti n'chala? NyaShaba sankadziwa, adumbu sankadziwa, azakhali ali ku Manyamula sankadziwa. Amene anadziwa ndi amene anapima. Ndipo munthu sapimidwa ali pansi pa mabulangete awiri, chitseko chotseka, mkazi akuthowa.

Tiyeni tiuzane zoona, anthu a pa boma pano. Tonsefe timagona ndi chimanga. Nkhokwe za pabwalo tinazisiya chifukwa cha akuba, ndipo sindikuimba mlandu aliyense, inenso matumba anga ali kumutu kwa bedi. Koma potero tinasamutsira khoswe kuchipinda. Kale ankadya kunja, ife tikugona mkati. Lero timapumira mpweya umodzi. Pitani kuseri kwa msika madzulo mukaone amene akuthamanga m'ngalande, onenepa kuposa ana amphaka. Pitani pa chigayo. Nthawi ya lupsa, tchire likapsa, mbewa zakutchire zimathawira m'nyumba za m'mphepete mwa tauni kudzasakanikirana ndi makoswe athu. Malole a matumba amabwera kuchokera kutali, ena kutsidya kwa malire, ndipo palibe amene amafunsa kuti pakati pa matumbapo pakwera ndani.

Sindikunena kuti mliri wafika ku Mzimba. Musakanamizire ine pa depoti. Ndikunena kuti tsiku limene udzafike, udzatipeza tikuombera m'manja kuti makoswe akufa okha. Udzatipeza tikuwanyamula kumchira n'kuponyera mphaka, mphakayo n'kudzagona pamphasa ndi ana. Udzatipeza tikuthowa mwanabele masiku atatu. Ndipo woyamba kukayikira adzatsekedwa pakamwa ndi abale ake enieni, kuopa kuti anthu anena chiyani.

Anthu anena chiyani! Mawu amenewa atipweteka chomene kuno. Timabisa chifuwa, timabisa chotupa, timabisa mwana wotsegula m'mimba mpaka maso atalowa. Pamaliro ndiye pamene timamasuka, aliyense n'kumati inenso ndinaona kuti sali bwino. Munaona? Nanga pakamwa munali mutasungira chiyani?

A zaumoyo aja anasiya malangizo amene ndikufuna muwamve, chifukwa ambirife timachita mosemphanitsa. Mukaona makoswe akufa popanda chifukwa chodziwika, musathamangire kugula poizoni kuti mumalize otsalawo. Mukapha makoswe nthata zili moyo, mwazilanda chakudya n'kuziitanira pa miyendo yanu. Zimayamba kuphedwa ndi nthata, makoswe pambuyo. Khoswe wakufa musamugwire ndi manja. Ndipo nenani. Inunso oika poizoni, uzani oyandikana nawo. Bambo wa golosale uja akanangotsegula pakamwa, theka la chipwirikiti ichi silikanachitika.

Chimene chikundipweteka ndi NyaShaba. Chimenecho ndiye chikundipwetekadi, sindinama. Mayi uja amadzuka tambala woyamba, m'khitchini mwake mungadyere pansi, koma sabata ino beseni lake la mandasi likubwerera kunyumba lodzaza. Amayi ena pamsika ayamba kumutchula kuti amake makoswe. Ndinalira nditamva.

Koma mlandu umenewo sindiusenza ndekha. Inu amene mukumuseka, ndikukudziwani. Ena mwa inu ndinakusokerani makatani, ndinalowa m'zipinda zanu kukayeza mawindo, ndowe za makoswe ndinaziona ndi maso angawa. Kusiyana kwanu ndi NyaShaba n'kwakuti kwake kwathiridwa mankhwala, kwanu ayi. Panopa nyumba yopanda nthata kuseri kwa msika konse ndi yake. Mukamuseka lero, mukuphunzitsa tauni yonse kuti wonena zoona amalangidwa, ndipo mawa amene adzabise adzakhala woyandikana ndi inu.

Loweruka ndinapita pamsika dzuwa lili pamutu, ndinaima pa beseni lake, ndinagula mandasi anayi n'kudya pomwepo, choimirira, pang'onopang'ono, ndikuyang'ana mzere wonse wa ogulitsa mmodzimmodzi. NyaShaba anandipatsa osandiyang'ana kumaso. Palibe kanthu. Ndidzaimapo tsiku lililonse mpaka mutatopa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinadzera kwa adumbu, nditanyamula nthochi. Sindinafike ndi pakhonde pomwe. Anatuluka okha, opanda wowagwirira, chala chomanga bandeji, n'kuima pakhomo. "NyaMoyo, bwerera! Pakhomo panga usadzapondenso. Wandisandutsa choseketsa tauni yonse!" Mawu anamveka mpaka kumsewu, anthu ochokera kutchalitchi anaima kumvetsera.

Zinandibaya, ndi mchimwene wanga yekhayo amene ndatsala naye. Ndinatembenuka ndi nthochi zanga, misozi ikutsika.

Koma ndili m'njira ndinaganiza za Lachiwiri lina limene likanatheka, limene mwanabele uja akanakhala wa nthata, ine n'kumvera, n'kukhala pansi monga anandiuzira. Bwenzi lero palibe wondithamangitsa. Bwenzi ndili m'nyumba momwemo, pamphasa, pafupi ndi NyaShaba, aliyense wolowa akundigwira chanza n'kumanditamanda kuti ndine mlongo wabwino, wodziwa kusunga za m'banja.

Ulemu umenewo sungani. Ine ndasankha mchimwene wotha kuimirira pakhomo n'kundikalipira.